Tsalani, Galu Wosiyidwa ku Malasha

Galu amene Venâncio adabwera naye ku Zóbuè kuchokera ku Moatize adakana kutuluka pansi pa nkhokwe. Ankadya pokhapokha pabwalo pakakhala popanda munthu. Ubweya wa kumsana udali utasosoka, khungu lili mamba okhaokha, ndipo ankadzikanda mpaka kutuluka magazi.

"Bambo a Silvia," adatero mkazi wake Hortência, manja ali m'chiuno, "anzanu pochoka ku malasha amabwera ndi malata, ena njinga yamoto. Inu mwatibweretsera mphere."

"Ndikadamusiyira yani?"

"Eni akewo adadzifunsa funso limenelo?"

Venâncio adali mlonda pa kampu ya kampani ina yokonza malole onyamula malasha. Ntchito itachepa, mabwana adakweza katundu wawo n'kumapita. Galuyo adamulera okha kuyambira ali kamwana, akumudyetsa nyama ya m'chitini, koma pochoka adamutaya ngati chitini chomwecho. Alonda otsala ankamugenda ndi kumuponda ndi jombo akayandikira mbale zawo. Tsiku limene Venâncio naye adauzidwa kuti ntchito yatha, adakulunga galuyo m'saka, adakangana ndi woyendetsa shapa, minibasi yopita kumalire, mpaka adafika naye kwawo. Adamutcha Tsalani.

Moatize wa masiku ano ndi wotero. Kale anthu ankatola masawu m'mbali mwa mtsinje wa Revúbuè, ena akuumba njerwa, ndipo galu aliyense ankadziwika kuti ndi wa pakhomo pa uje. Lero fumbi lakuda limagwera ngakhale pa ufa woyanika. Chinthu chikatha ntchito, kaya ndi tayala, kaya galu, kaya munthu, chimatsala pomwe chagwerapo.

Tsiku lina kudabwera Albino, mchimwene wake wa Hortência, amene amathandiza amakaniko pamalo poimikapo malole pafupi ndi malire. Adasuzumira pansi pa nkhokwe n'kuseka.

"Alamu, galu wa mphere safuna dokotala. Mankhwala ake ndi oliyo wakuda, wokhetsedwa m'injini. Ife tonse timadziwa."

"Samuwotcha?" adafunsa Venâncio.

"Kuwotchako ndiye kuchiza. Oliyo woti wayenda kuchokera ku Beira mpaka kuno alephere kachilombo? Ndipo ndi waulere. Akapola mumuthirire tsabola m'chakudya, mumumange masiku angapo. Adzalusa ngati mkango."

Mawu oti waulere ndi amene adamukomera Venâncio. M'mawa mwake Albino adabwera ndi chigubu. Adamukoka Tsalani ndi chingwe, galu akulira, mkodzo ukuchucha. Adamupaka oliyo kuyambira m'khosi mpaka kumchira. Atamumasula adathawira pansi pa nkhokwe pomwe paja n'kuyamba kudzinyambita.

Tsiku lotsatira adasanza zakuda. Chakudya sadachiyang'ane. Ankangonjenjemera, maso atalowa m'kati.

Hortência adagwada n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Ine galuyu sindidamufune," adatero. "Koma ku kampuko ankafa yekha. Kuno tikumupha ndife. Kaitaneni dona Lizete."

"Adzafuna ndalama."

"Ndiye mudikira kuti afe kuti zitsike mtengo?"

Dona Lizete ndi mlangizi wa ziweto wa m'deralo. Adafika masana panjinga yamoto, koma adaizimitsira kutali, kumsewu, n'kubwera wapansi. Sadapite molunjika kwa galuyo. Adakhala pansi chammbali, osamuyang'ana m'maso, n'kununkhiza mpweya.

"Adapaka oliyo ndani?"

"Ndi achimwene anga," adatero Hortência. "Dokotala wa malole."

"Si oyamba," adatero dona Lizete osaseka. "M'midzi yonse ya m'mbali mwa msewu uno ndimapeza zomwezi, pa agalu, pa mbuzi, pa nkhumba. Oliyo wa m'injini ndi poyizoni. Amawotcha khungu, amalowa m'zilonda, ndipo chiweto chikanyambita amakaononga m'mimba. Ambiri ndimawapeza atafa kale."

"Uyu afa?" adafunsa Venâncio.

"Sindikudziwa, bambo. Tiyambe tamuchotsa zimenezi. Mayi, tenthetsani madzi, akhale ofunda chabe. Bweretsani sopo ndi nsanza."

Venâncio adayandikira kuti amutulutse. Tsalani adadzikanikiza kumwala wa nkhokwe n'kuyamba kulira chapansipansi. Dona Lizete adakweza dzanja.

"Imani pomwepo. Mayi, bwerani inu."

Hortência adayandikira, ali chosavala nsapato. Galuyo adanjenjemera, koma kulira adaleka.

"Mwaona? Sakuopa inu, bambo. Akuopa zimene mwavalazo."

Venâncio adayang'ana kumapazi kwake. Zidali jombo za kukampani, zachitsulo kutsogolo. Ankazipukuta m'mawa uliwonse n'kuzivala ngakhale popita kudimba, ngati munthu woti aitanidwa nthawi ina iliyonse.

Adazivula n'kukaziika m'nyumba. Dona Lizete adamanga kansalu mofewa pakamwa pa galuyo kuti mantha asamulumitse munthu, popeza palibe ankadziwa ngati adabayidwapo katemera wa chiwewe. Adamusambitsa, madzi adada. Adamusambitsanso, madzi adada. Ulendo wachitatu khungu lidaoneka, lofiira ngati nyama.

"Tsopano tikambe za ndalama," adatero dona Lizete akusamba m'manja, "chifukwa anthu amathawa ife poopa kufunsa mtengo. Kufunsa sikulipiritsa. Katemera wa chiwewe tidzamubaya akachira, ndipo tikamayenda m'midzi pa kampeni mudzangobwera naye. Koma mankhwala a m'mimba a lero, mankhwala a njoka za m'mimba, ndi jakisoni wa mphere, zimenezo ndimagula ku Moatize. Jakisoniyo si wa kamodzi. Tidzabwereza mpaka mphere zithe. Mukalekeza panjira, zibwerera, ndalama yoyambayo mwangotaya."

Adatchula mtengo wa zonse pamodzi. Venâncio adayang'ana pansi. Inkangofanana ndi ndalama imene adasungira mbewu ya chimanga.

"Ya mbewu ayi," adatero Hortência msanga. "Silvia sadya galu."

"Akunena zoona," adatero dona Lizete. "Sindingakuuzeni kuti mugone ndi njala. Mukadandiitana asanapakidwe oliyo, zikadachepa. Lero ndimupatsa zoti apulumuke. Zinazo kambiranani. Ngati simungathe, ndiuzeni poyera, tifufuze wina amene angathe. Chimene sindifuna ndi kumusiya azivunda pansi pa nkhokwe."

Asanapite adawaphunzitsa zina. Chakudya chikhale chofewa, pang'onopang'ono, aziika n'kuchokapo. Madzi oyera asasowe. Asamukoke, asamumange, asamuthamangitse. Malo ake obisala amusiyire. Akamugwira azisamba m'manja ndi sopo, ndipo mwana asagone pa masaka ake, chifukwa mphere zina zimayabwitsanso anthu.

"Nanga tsabola?" adafunsa Venâncio mwamanyazi. "Amati amalusitsa."

"Tsabola amapweteka, basi. Galu wamantha mukamuonjezera ululu, tsiku lina adzaluma, ndipo sadzayamba ndi wakuba. Adzayamba ndi mwana wanu. Ndikuuzeninso ichi: mwina sadzakhala galu wolusa. Ngati mukufuna mkango, uyu si iye."

Loweruka m'mawa Venâncio adatulutsa jombo zija, adazipukuta, n'kuziika m'thumba.

"Mukupita nazo kuti?" adafunsa Hortência.

"Kumsika wa kumalire. Anyamata a njinga zamoto amazifuna."

"Kampani ikakuitanani mudzapita ndi zikhakha kumapazi?"

"Mayi a Silvia, foni iyi idalira liti?"

Hortência adamuyang'ana mwamuna wake akutsika kanjira ka kumsewu atavala patapata, ndipo kwa nthawi yoyamba Venâncio adaoneka ngati munthu wa pamudzi pomwepo, osati mlendo wodikira shapa.

Ndalama ya jombo idakwanira mankhwala onse. Kuti za mtsogolo zisadzawadzidzimutse, Hortência adapatula thadzi limodzi. Adati anapiye ake akakula n'kugulitsidwa, ndalamayo ndi ya mankhwala a galu ndi mbuzi, osati ya mchere, osati ya mowa. Albino atamva adaseka mpaka kutsokomola.

"Achemwali, galu wokhala ndi nkhuku yake? Ine ndilibe!"

"Inu muli ndi oliyo wanu," adayankha Hortência. "Mukadwala tidzakupakani."

Kuchira kudachedwa. Milungu idapita Tsalani akungotulutsa mutu. Tsiku lina ankadya, lina ankakana. Lole ikaphulitsa utsi kumsewu, zonse zinkabwerera poyambira. Venâncio ankakhala pansi masana, msana atalozetsa kunkhokwe, akusenda nyemba, osalankhula. Dona Lizete ankabwera pa nthawi yake, ndipo jakisoni sadadumphe ngakhale mmodzi. Galuyo atapeza mphamvu adabayidwa katemera wa chiwewe. Ubweya udamera, kupatula pamsana pomwe oliyo adawotcha kwambiri. Pamenepo padatsala chipsera chachikulu ngati chikhatho.

Mvula yoyamba itagwa, Venâncio ndi Hortência adapita kukadzala chimanga. Ali m'kati mwa mzere, Hortência adaima.

"Musatembenuke msanga," adanong'oneza. "Tili ndi mlendo."

Tsalani adali atawatsatira yekha, popanda chingwe, popanda womuitana. Adayenda mumzere mwapang'onopang'ono, mchira uli pansi, adanunkhiza chidendene cha Venâncio, n'kugona padothi lonyowalo. Venâncio adapitiriza kuponya mbewu, akupukuta maso ndi phewa.

Galu wotayidwa angathe kuchira, koma chifundo chokha sichikwanira. Musanamutenge, dziwani kuti adzafuna chakudya, katemera ndi mankhwala, ndipo konzekerani mtengo wake. Akadwala, funsani mlangizi wa ziweto msanga. Musapake chiweto chilichonse oliyo wa m'injini. Galu wamantha musamumenye, musamumange, musamudyetse tsabola. Mupatseni malo ndi nthawi, adzabwera yekha.