Kapepala ka Pamwamba pa Sipika

Dzuwa la Okutobala linali litapendeka pang'ono, koma malata a kaholo ka kuseri kwa botositolo ina ku Biwi anali akadali moto. Nthawi inali itangopitirira hafu pasiti 3 masana, Loweruka. Enerst anaima pakhomo ali ndi uthenga umene bambo ake anamutuma. Azakhali ake, mayi a msuweni wake Greenwell, anali atamwalira m'mawa kuchipatala, ndipo lole yonyamula maliro inali yoti inyamuke ku Kawale 4 koloko kupita kumudzi ku Dedza.

"Usakamuuze kuti atisiya," anatero bambo akewo pomutuma. "Ukangoti matenda akula. Zinazo adzamvera kuno."

Atangokankha chitseko, phokoso linamugunda pachifuwa. Chipindacho chinali chokwana anthu makumi atatu, koma munadzaza oposa pamenepo, ndipo masipika anasanjikizana mpaka kudenga. Mabotolo ankayenda okha pamatebulo. Fumbi linkayoyoka m'mitanda. Anyamata anayi ankaimba nyimbo za roko zimene anaphunzira pa makaseti, ndipo wa gitala, amene malaya ake anali atanyoweratu ndi thukuta, anali Greenwell.

Greenwell atamuona anasekerera mpaka mano onse kuonekera. Kwa zaka zitatu anali akumuitana kuti adzamuone akuimba, koma Enerst sanabwereko n'kamodzi komwe.

Nyimbo zinalibe mpata, wa ng'oma ankangolumikiza ina ikatha. Enerst anadzipanikiza pakati pa ovina mpaka kutsogolo, n'kukoka mwendo wa buluku la msuweni wake. Greenwell anawerama, zala zikadali pa nsambo.

"Azakhali matenda akula," anakuwa Enerst, koma ngakhale iye mwini sanadzimve.

"Mwati bwanji, abwana a ku Kanengo?" anafunsa Greenwell, pomuseka za kumene ankagwira ntchito.

"Amayi ako. Matenda akula."

"Ndikudziwa, ndinali nawo Lachinayi. Ndikawaona mawa. Tavinako, asuweni, mwaima ngati polo ya magetsi."

Anaweramuka n'kubwerera m'nyimbo yake. Mayiwo anali akudwala kuyambira mwezi wa Juni, ndipo mawu akuti matenda akula anali atanenedwa kambirimbiri mpaka kusukuluka.

Enerst anayang'ana wotchi yake. Panatsala mphindi makumi awiri kuti lole inyamuke. Anatsegula pakamwa kuti anene mawu enieniwo, koma anakanika kuwakuwa pakati pa anthu olumpha ndi mabotolo m'manja. Anatola paketi ya ndudu pansi, n'kuing'amba, n'kulemba kuseri kwake mosamala: Amayi amwalira. Lole inyamuka 4 koloko.

Greenwell analandira kapepalako, n'kumutsinzinira diso, n'kukaponya pamwamba pa sipika pamene panali timapepala tina ta anthu opempha nyimbo.

Enerst analoza kapepalako. Greenwell anagwedeza mutu ngati akuti dikirani, yanu ikubwera. Analozanso, koma msuweni wakeyo anali atatsinzina, gitala ikulira. Kapepalako kankanjenjemera ndi kugunda kwa sipika, kakusendera kumphepete pang'onopang'ono. Enerst anangoima, makutu akuwawa, anthu akumugunda mapewa. Nyimbo ina inatha, ina inayamba, ndipo 4 koloko inakwana iye akuyang'ana.

Kenaka kapepalako kanagwera pafupi ndi phazi la mnyamata woimba pa maikolofoni. Woimbayo anakatola, anayamba kukawerenga atayandikira maikolofoni, koma anadukiza n'kukapereka kwa Greenwell.

Greenwell anawerenga kawiri. Anavula lamba wa gitala n'kuitsamiritsa pa sipika osaizimitsa, ndipo inayamba kulira yokha mawu amodzi aatali obaya m'makutu. Anatsika, anadutsa pafupi ndi Enerst osamuyang'ana, n'kutuluka panja.