Buku Limene Linasasula Nyumba ya Lenia

Amene anachotsa Lenia m'nyumba mwake ndi Reinford, mlamu wake weniweni, mng'ono wa malemu mwamuna wake, mphunzitsi wovala tayi. Sanagwire nkhwangwa kapena nyundo. Analemba buku.

Lenia kwawo n'ku Nachisaka, koma anatengedwa chitengwa ndi Andireya kupita kumudzi wina kuseri kwa Malomo. Nyumba ya njerwa zowotcha ndi malata anaimanga awiriwo ndi fodya wa manja awo. Andireya atayamba kutupa miyendo ndi kutsokomola magazi, kuchipatala ananena kuti ndi mtima. Lenia ndiye ankamusambitsa, kumutembenuza, kumuchapira zoipa, mpaka anatsirizikira pamiyendo pake. Reinford kumatendako ankangobwera kudzaima pakhomo, manja ali m'thumba.

Abale asanamusudzule n'komwe mayiyu, buku linatuluka. M'menemo munali mkazi woyenda ndi mnyamata wa kabaza, wobwera kunyumba akali wotentha n'kumathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, mpaka mwamunayo anatupa n'kufa ndi tsempho. Dzina Reinford anasintha, inde. Koma chipsera cha pachibwano anachisiya. Nyumba yoyandikana ndi mjigo anaisiya. Ngakhale zoti mkaziyo amaimba kwaya ya Lachinayi anazisiya momwemo.

Kumudziko chinthu chosindikizidwa amachitenga ngati cha kuguwa. Rakele, mlongo wa malemu, anagula limodzi n'kumaliwerenga mokweza pakhonde, amayi atamuzungulira akusenda mtedza. Atafika pa nkhani ya mchere anatseka buku n'kuyamba kulira maliro kachiwiri.

Amayiwo anamupeza Lenia pa mjigo m'mawa. Rakele anamumenya ndi ndowa yachitsulo pakamwa, dzino n'kugwera m'ngalande ya madzi. Ena anamukoka tsitsi n'kumukhwekhwereza pa simenti, mawondo n'kusupuka. Wina anathamanga kukatapa mchere n'kumufinyira m'kamwa motuluka magazimo, ati alawe zimene anadyetsa mbale wawo. Anamuuza kuti tsiku lomusudzula adzatuluka m'nyumbamo ndi chitenje chimene wavala basi.

Lenia analavula, n'kudzuka. Anaona kuti wopulumutsa nyumbayo ndi mmodzi yekha. Reinford akangoima pamaso pa abale ake n'kunena kuti zonsezo anangopeka, nkhani yatha.

Tsiku la msika anayenda wapansi kupita ku Malomo kukafuna mlamu wakeyo, milomo itatupa ngati yolumidwa ndi njuchi. Sitolo ya mayi Susana, imene masiku onse imagulitsa makope, zolembera ndi mabuku a nyimbo, tsikulo inali itadzaza. Kunabwera mabuku atsopano. Kukhoma kunali mashelefu awiri, lina lolembedwa kuti Nkhani Zoona, la mabuku a ulimi wa soya ndi mbiri ya mipingo, lina lolembedwa kuti Nkhani Zopeka. Lenia sukulu analekeza ku pulayimale, koma kuwerenga amawerenga. Anafufuza uku ndi uku, buku la mlamu wake osalipeza. Linali litaunjikidwa patebulo pakati pa mashelefu awiriwo, mwini wake atakhala kumbuyo kwake, akusaina dzina lake pa lililonse logulidwa.

Anafunsa mayi Susana kuti bukuli malo ake ndi ati. Mayiwo anayang'ana pansi n'kunena kuti aphunzitsi anakana kuti liikidwe kopeka, ati pakatipo ndi pamene likuyenda malonda.

Lenia anagwada pafupi ndi tebulolo, monga amachitira mkazi kwa abale a mwamuna wake, anthu onse akuona.

"Alamu, taonani pakamwa panga. Tiyeni kumudzi mukawauze kuti munangopeka. Nyumba ija akundilanda."

Reinford sanaike cholembera pansi. Anamwetulira kwa anthu amene anali pamzere.

"Dzina lanu mulibe umu, alamu. Ngati mwadzionamo, ndiye kuti mukudziwa zimene munachita."

Anthu anaseka. Mtsikana wina mpaka anakweza foni kuti ajambule.

Kuseri kwa chitseko kunali chitsulo chachitali chimene mayi Susana amapingira sitolo akamaweruka. Lenia anadzuka bwinobwino, anachitenga, anabwerera. Dzanja la Reinford linali pamwamba pa buku lotsegula. Anatsitsa chitsulocho ndi mphamvu yonse yolimira mizere, zala n'kumveka ngati nkhuni zouma. Anabwerezanso pomwepo. Reinford anagwa ndi mpando akukuwa ngati nkhumba yopita kumsika, magazi akuwazikira pa mabuku ake atsopanowo. Lenia anagubuduza tebulo, anaswa galasi la kauntala, anayamba kung'amba mabuku ndi manja ndi mano otsalawo, akuponda masamba ake pansi.

Anyamata a pamsika anamugwira kumbuyo. Anamuponda m'nthiti, anamutulutsira pamsewu pakati pa njinga ndi maminibasi, wina akufuula kuti ndi yemwe uja wa m'buku. Akanamupha apolisi akanachedwa.

Atatuluka pa belo anapeza malata kulibe, mitanda yokha ili gwa kuyang'ana kumwamba. Mapoto ake, mphasa ndi khasu zinali zitatayidwa m'mbali mwa njira. Rakele anamuuza ali chapatali kuti kusudzula kwatha kumeneko, mkazi wothyola dzanja la mlamu pamsika sangalephere kupha mwamuna m'nyumba. Lenia anamanga katundu wake n'kubwerera ku Nachisaka, kumene anachoka akali mtsikana, kumene alibe ngakhale mzere umodzi wolima.

Mlandu wa dzanja uli kukhothi, ndipo Lenia sakuukana. Anathyola, ndipo akunena yekha kuti anathyola. Koma inu amene munaima pamzere tsiku lija, inu amene munagula bukulo n'kumabwerekana, n'kumaloza mayi wachipsera akamadutsa, musatembenuze tsamba. Za dzanja la Reinford adzayankha Lenia. Za nyumba ya Lenia adzayankha ndani? Muyankheni.