Lisbon Kapena Istanbul

Ndege zinkadutsa pamwamba pa nyumba ya Hasna ngati zikuchita kumutonza. Iye ndi mwamuna wake Sufiyani ankakhala ku Etobicoke, kufupi ndi bwalo la ndege la Pearson, moti mawindo ankangonjenjemera tsiku lonse. Koma chibwerereni ku Canada, awiriwa anali asanakwerepo ndege yopita kwina kusiya kumudzi ku Mangochi. Nanga kupita kumudzi ndi tchuthi ngati? Umasenza masutikesi a anthu, umafikira kupepesa maliro onse amene anachitika iwe kulibe, pobwerera uli wotopa kuposa mmene unapitira.

Tsiku lina dokotala wa impso pachipatala cha m'tauni anawakhazika pansi n'kuwauza mosapsatira.

"Impso za bambowa zatopa. Posachedwa tiyamba kuwatsuka magazi pamakina katatu pamlungu, ndipo zikatero kuyenda ulendo kudzavuta. Ngati kuli kumene mumalakalaka mutakaonako, pitani tsopano."

Sufiyani anangomvapo zokaona dziko. Hasna anamva zonse, ndipo pobwerera m'sitima yapansi ankangoyang'ana akakolo a mwamuna wake, amene anali atayamba kale kutupa. Mantha anamugwira zedi.

Mwana wawo Bahati, wobadwira konkuno ndipo ankagwira ntchito kubanki, anati matikiti agula ndiye. Masiku ochepa chabe ku Ulaya, mzinda umodzi. "Sankhani, amama, ine ndibukitsa," anatero ndi Chichewa chake chopunduka chija.

Apa m'pamene panagona nkhani. Sufiyani mtima unali ku Istanbul. Zaka zonsezi azana, mfuu yoitanira anthu kumapemphero kumzikiti, ankangoimvera pafoni, iye ali pakati pa makatoni kunyumba yosungiramo katundu ku Brampton, ndiye ankafuna ataimvanso ikumveka kunja, mzinda wonse n'kuyankhira. Hasna ankafuna Lisbon. Anali ataona pafoni ya mnzake nsomba zikuwotchedwa pamakala m'mbali mwa msewu, komanso malemu mayi ake, a ku Metangula kutsidya kwa nyanja, akakwiya ankakalipa m'Chipwitikizi. Ankafuna akamve anthu akulankhula chinenero chimenecho, ngakhale mwini wake ankangodziwamo zotukwana zokha.

Koma mukuganiza kuti alipo anatchula poyera? Aaa, zosatheka!

"Kumene mungakonde inuyo, mayi a Bahati."

"Ayi, mwini ulendo ndinu, bambo a Bahati."

Akatero Sufiyani ankasiya foni patebulo chagada, chithunzi cha mzikiti chikuwala. Hasna naye ankati akamakazinga nsomba zouma gwa zamufiriji, n'kumadandaula mokweza kuti anzathu ku Lisbon akudya zongovuula kumene. Ulemu umenewu, abale, unadya mwezi wathunthu.

Amene anapsa nazo mtima ndi Mathilda, namwino wa ku Chipata, amene ankagwira ndi Hasna kunyumba yosamalira okalamba.

"Imwe amake Bahati, mwapenga? Bukitsani chabe manje manje! Impso siziyembekeza munthu. Olo muponye kakobiri m'mwamba, muone kumene kagwere."

Hasna anaseka, koma madzulo ake analephera kudya.

Loweruka lina m'mawa, chipale chitangoyamba kugwa, Sufiyani anatuluka kuchipinda akukoka miyendo.

"Basi, tiyeni kunsomba zanuzo. Azana ndidzaimva tsiku lina."

Hasna anafuna kukana mwaulemu monga mwa masiku onse, koma anadziluma lilime n'kuimbira Bahati kuti abwere msanga. Mwana anafika ndi kompyuta yake, n'kuyamba kuwaonetsa timisewu totsetsereka ndi nyumba za matailosi abuluu. Ali mkati mosankha tsiku, foni ya Sufiyani inalira. Anamvetsera pang'ono, kenako anati, "Inna lillahi wa inna ilaihi rajiun."

Womwalira anali malume ake, Che Bashir, amene anamulera bambo ake atamwalira. Nkhalamba yokhuta masiku, yagona osadzukanso, ndipo ankaiika tsiku lomwelo.

Bahati anapepesa, n'kufunsa ngati apitirize. Bambo ake anatseka kompyuta ija ndi dzanja lawo.

"Arobaini isanachitike? Ine ndizikadya nsomba ku Ulaya manda a malume asanaume?"

Arobaini ndi sadaka ya tsiku la makumi anayi, ndipo kufikira tsikulo mwana wa pakhomo sachita zachisangalalo. Hasna ankaudziwa mwambowu kuposa aliyense. Komabe Bahati atapita, anagwada pafupi ndi mpando wa mwamuna wake, chinthu chimene anali atasiya kalekale.

"Tipite mwakachetechete. Sitijambula, sitiuza munthu. Malume apuma, bambo a Bahati. Wodwala ndinu."

"Nanga Lachisanu kumzikiti akandifunsa? Anthu akamabwera kudzapepesa apeze chitseko chokhoma? Mawa lomwe zimveka ku Mangochi. Masiku makumi anayi si chaka, mayi."

Hasna anadzuka. Anakwiyira nkhalamba ija chifukwa chosankha tsiku loipa, kenako n'kudzimvera manyazi. Anadzikwiyiranso yekha chifukwa cha mwezi uja anautaya ndi "kumene mungakonde inuyo". Ndipo anthu anabweradi. Ankavula majombo a chipale pakhomo, kukhala pakapeti, kumwa tiyi, kupepesa. Iye ankathira tiyiyo uku akuyang'ana nkhope ya Sufiyani ikufufuma mlungu ndi mlungu.

Sadaka inachitikira muholo ina ku Brampton, kunja kukuzizira koopsa. Hasna anaphika mpunga wa nyama mapoto akuluakulu. Shehe anawerenga dua, kenako anayamikira Sufiyani pamaso pa onse, kuti onani mwana wolemekeza akuluakulu, mpaka anaimitsa ulendo wa ku Ulaya. Anthu anagwedeza mitu. Koma potuluka, nsapato za Sufiyani zinakana kulowa. Anayesa, anayesanso, mpweya n'kuyamba kumuthera. Anamunyamula atavala masokosi okha, ndipo kuchipatala sanachedwe kumulumikiza kumakina.

Kuyambira pamenepo moyo wawo unasanduka wa Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Basi, sitima yapansi, chikepe, kenako mpando waukulu uja ndi timapaipi tiwiri tofiira. Ngakhale kumapemphero a Juma kumzikiti, kumene ankaopa kufunsidwa kuja, anasiya kupitako. Bahati sanatchulenso za matikiti. Mathilda, mwaulemu wake, sananene kuti ndinakuuzani.

Masana ena, makina akung'ung'udza, Sufiyani anatsegula maso. Anali ataonda, mawu akutuluka mopanda mphamvu.

"Mayi a Bahati, paja tinagwirizana Lisbon eti? Ndikangopezako bwino, muuzeni mwana abukitse."

Hasna anayang'ana magazi akuzungulira m'timapaipi muja. Anadziwa kuti akavomera, nkhani yatha, ndipo chotsala n'kutchula tsiku. Tsikulo panalibe.

"Lisbon yachiyani?" anatero, akumukonzera bulangete. "Ine ndasintha maganizo. Ndikufuna Istanbul."

"Aaa, inu! Si inu munkalirira nsomba?"

"Nsomba n'chiyani? Ndikufuna ndikamve azana."

Sufiyani anadzutsa mutu, maso n'kuwala pang'ono, n'kuyamba kuikira kumbuyo Lisbon ndi mphamvu zonse zimene zinamutsalira: nyanja, dzuwa, Chipwitikizi cha apongozi ake. Hasna ankatsutsa chilichonse, nkhope atalozetsa kuwindo kuti asaoneke misozi. Lachisanu akadzabweranso, iye anali atakonzeka kudzasinthanso maganizo.