Masana Amene Mabelu Anakhala Chete

Chipinda cha makompyuta chinali pansi pa chipatala, chozizira ngati nyumba ya chisoni. Mayi amene anamwino ankangomutchula kuti Amakina ankayamba wapemphera chamumtima asanatsegule chitseko chake. Sabata imeneyo pempherolo linkatalika, chifukwa bambo ake anali atagonekedwa mu wodi ya odwala mtima, pamwamba pomwepo.

M'bokosi limodzi lachitsulo munkakhala makompyuta angapo ongoyerekezera, ngati anthu a lendi m'nyumba imodzi. Imodzi mwa iwo inkalandira zizindikiro kuchokera pa mabedi ndi kuliza mabelu kwa anamwino wodwala akasintha. Imeneyo ndiyo inkangofa mwadzidzidzi. Kenelo yake, mtima umene umayendetsa zonse, inkagwa, kenaka kompyuta inkadzidzutsa yokha n'kufufuta mapazi onse a chimene chaigwetsa.

Amakina anakopera kompyutayo pambali, n'kuizunza mmene akanathera. Yokoperayo sinagwe ngakhale kamodzi. Matendawo ankafuna yeniyeniyo.

Choncho m'mawa uja analumikiza dibaga, pulogalamu yosuzumira mkati mwa kenelo, ku kompyuta yeniyeniyo. Ankadziwa kuopsa kwake. Dibaga ikakhalapo, kenelo ikagwa sidzidzutsanso. Imangoima, kudikira munthu kuti aione. Anakhala pampando maso ali pa sikirini, osapita ngakhale kukamwa madzi.

Masana kunalowa mnzake wa ntchito, mkulu woyala mawaya, amene onse ankamuti Azingwe. Ananyamula tiyi ndi buledi wokulunga m'pepala.

"Mayi, mukufuna tikupezeni mutauma ngati nyama ya mufiriji?" anatero. "Nthawi yoona odwala yakwana. Madala akungoyang'ana kukhomo."

"Sindingachoke, achimwene. Ndatchera msampha."

"Msampha wanuwo wagwira chiyani chiyambire m'mawa? Chinthuchi chimakuopani. Mukachiyang'ana chimakhala ngati mwana wa abusa. Pitani, ine ndikhala pano."

Azingwe anavula juzi yake yomwe n'kumuponyera pampando kuti akabwera asazizidwe. Amakina anaona kukoma mtima kwake, ndipo mawu oti achotse kaye dibaga anamuthawa pakamwa. Anangoti, "Mukaona chachilendo, mundiimbire."

Anakwera masitepe. Bambo ake anali maso, ofooka koma akumwetulira. Namwino wina anali atawapindira pilo kuti khosi lisapweteke.

"Mwanawe, wadya?" anafunsa bambowo.

"Ndadya, bambo."

"Bodza. Milomo yayera ngati choko."

Amakina anaseka pang'ono, n'kuwagwira dzanja. Anakhala choncho mpaka bambowo anatseka maso. Pamenepo ndi pamene anamva chimene chinkasowa. Wodi imeneyo sinkakhala chete. Nthawi zonse belu lina linkalira kwinakwake. Tsopano ankangomva nsapato za anamwino ndi kuseka kwawo pa tebulo.

"Lero odwala athu atikomera mtima," anatero namwino wamkulu. "Ngakhale belu limodzi!"

Amakina anayang'ana foni. Palibe amene anaimba.

"Asisitala, zungulirani mabedi onse. Panopa. Musadikire belu."

Sanayembekeze yankho. Anatsika akuthamanga, akungoti Ambuye, Ambuye, opanda mawu ena. Anapeza Azingwe ali tcheru pampando, tiyi wamuphimba ndi mbale.

"Zonse zili bwino," anatero mkuluyo. "Sikirini sinagwedezeke n'komwe."

Inde sinagwedezeke. Kenelo inali itagwa kalekale, n'kuima, kamzere kakuphethira pansi pa manambala. Msampha unali utagwira. Chimene anachisaka sabata yonse chinali pomwepo, koma kuchitsata mpaka pa muzu kunkafuna nthawi, ndipo nthawi yonseyo wodi ikanakhala yogontha.

Analemba lamulo loidzutsa. Manambala onse anafufutika.

Azingwe anaimirira pang'onopang'ono, atazindikira. Anangotsegula chitseko kuti amve.

Kuchokera pamwamba mabelu anayamba kulira, limodzi, kenaka ena ambiri pamodzi, kenaka mapazi othamanga. Amakina anagwira juzi ija osaivala, maganizo ali pa bambo ake. Foni yake, imene anali ataiika pa tebulo, inayamba kunjenjemera, ndipo pa galasi pake panaoneka nambala ya namwino wamkulu.