Mpando wa a Wendell

Mwana wanga Duane anandiuza pafoni mosapita m'mbali: "Amayi, Loweruka ndikubwera. Ndikapezanso kapinga akufika m'mawondo, tikambirane zogulitsa nyumbayo, mukakhale kumalo osamalira okalamba."

Tikambirane! Mwana woti ndinkamupukuta mamina ndi ine. Ndinakwiya mpaka khofi anandizizirira m'kapu. Koma sankanama ayi. Mumsewu wathu uno wa ku Wisconsin, kapinga akangotalika anthu amayamba kusuzumira pawindo kuti aone ngati mwini nyumba adakapuma.

Vuto linali kathirakitala kotchetchera ka malemu amuna anga, a Wendell. Injini inalibe mlandu, koma chiwaya chapansi chija, momwe mumazungulira mipeni, chinkalira ngati munthu akukoka unyolo pa malata, mpaka lamba anaduka. Amakaniko a m'tauni anati ndidikire mwezi wamawa. Ine mwezi wamawa ndinalibe.

Ndinaitana Marlys, mnzanga wa kuseri kwa mpanda, mayi wathupi, wapakamwa ngati wailesi.

"Verna, iwe wapenga," anatero atandipeza m'galaja nditavala ovololo ya a Wendell, miyendo yake nditaipinda kangapo. "Sipanala umaidziwa kumutu kwake?"

"Gwira uku, usandisokose."

Tinazula timapini, n'kukokera chiwaya chija panja, n'kuchigadamiza. Mayo ine, zimene zinali pansipo! Udzu wakale unaumirira ngati ndowe zouma. Tinapala ndi mpeni wodulira keke, Marlys akutukwana a Wendell kuti anali aulesi, ine ndikumuyankha kuti ake amuna sankadziwa n'komwe kusintha babu. Kenaka ndinapukusa timawilo ta lamba ndi dzanja, kamodzikamodzi. Tiwiri tinazungulira mwakachetechete. Kachitatu kanati gwedegwede.

"Ndakapeza!" ndinakuwa. "Marlys, ndakapeza kambava!"

Tinathamangira kusitolo ya zitsulo ngati atsikana opita kudansi. Titabwerako ndi kawilo ndi lamba watsopano, bawuti imodzi inali itagwira dzimbiri, inakana. Ndinaveka paipi yaitali pa sipanala, Marlys anaikhalira, inangoti gwe! Tinakumbatirana, girizi kumaso konse. Lamba watsopano anatizunguza mutu ndithu, koma chithunzi chake chinali chomata pachiwaya pomwepo, ndipo tinamukoloweka m'njira yake.

Titabwezera chiwaya m'malo mwake, ndinakwera. Kiyi, injini inavomera. Ndinakoka chogwirira cha mipeni, inalira bwino, mawu osalala ngati njuchi. Ndinayenda pang'ono, wilo linagunda kachulu, injini phee.

Ndinalizanso. Kachulu kena, phee.

Apo ndiye misozi inalengeza. Ndinaganiza kuti talakwitsa chinachake m'chiwaya muja, ndipo ndinayamba kudziona ndili m'kachipinda konunkha mankhwala, ndikuonera mvula pawindo.

"Tatsika, ndiyese ine," anatero Marlys.

Anakhala iye, mpando unati fwa. Anazungulira bwalo lonse, zulu ndi maenje omwe, injini osatsokomola ngakhale kamodzi. Anabwerera akuseka mpaka kugwira nthiti.

"Chiwaya chili bwino, mwali! Vuto ndiwe. Ulibe matako!"

Pansi pa mpando pali kaswichi kozimitsa injini munthu akagwa kapena akadzuka. A Wendell anali chimunthu, ndipo zaka zonsezo kaswichi kanazolowera iwowo. Ine ndikangodumpha pang'ono, makina ankayesa kuti pampando palibe munthu. Ndinaseka nawo, koma kunena zoona zinandibaya. Chikhalireni maliro aja ndinali ndisanazindikire kuti ndaonda chotere.

Loweruka m'mawa tinatenga thumba la mchere uja timathira pakhomo kuti madzi oundana asungunuke nthawi ya chisanu, Marlys n'kulisanjika pamiyendo panga kuti ndilemereko. Aa, kunali kutchetcha kumeneko! Udzu unkauluka kumbali ngati madzi a m'paipi, fungo lake lokoma lija lili ponseponse. Mizere inkakhota, inde, koma inali yanga. Ndinkaimba nyimbo za kutchalitchi mokuwa, Marlys ali pakhonde ndi mbale ya chitumbuwa, akundikuwiza kuti ndisagunde maluwa.

Sindinaione galimoto ya Duane ikulowa. Ndinangomuona ataima pafupi ndi bokosi la makalata, manja m'chiuno. Ndinazimitsa.

"Chiwayacho wakonza ndani?"

"Ine ndi Marlys. Tagwada uone, kawilo katsopano, lamba watsopano."

Anagwada, anasuzumira, anagwedeza lamba ndi chala. Atadzuka maso ake anagwera pathumba lija.

"Nanga mcherewu?"

Marlys sanadikire. "Amayi akowa makinawa sakuwamva kuti akhalapo. Akufunabe bambo ako."

Duane sanaseke. Anandiyang'ana mikono, anayang'ana ovololo yopindapinda ija, ndipo nkhope yake inasintha. Ndinadziwa kuti basi, mawu aja akubwera.

"Amayi, simungamayende ndi thumba la mchere pamiyendo sabata iliyonse. Tsikani."

"Duane, tamvera..."

"Tsikani kaye, Amayi."

Ananyamula thumba lija, ine n'kutsika. Iye analowa m'galaja. Anatuluka ndi sipanala, anapendeketsa mpando, n'kuyamba kumasula mabawuti amene bambo ake anamanga iye ali kusukulu. Anaukankhira kutsogolo, anakonza kaswichi kaja, kenaka anapukuta maso ndi mkono wa malaya ngati wapukuta thukuta.

"Takhalani tione," anatero. "Mapazi akufika bwino, kapena ndisendezenso?"