Makina a Edmond Asanazimitsidwe

Kuchokera ku Nyimba mpaka ku Sasare kunalibe munthu wopatsa ngati Edmond Sakala, ndipo wotsutsa abwere tionane. Koma mkulu wake, Wilbroad, sanaone zimenezo pamene anaima pakhomo pa shopu ya intaneti ya malemuyo m'tauni ya Petauke, patapita masiku awiri chiikireni maliro. Anaona mipando inayi, fumbi, ndi kompyuta yakale ikung'ung'udza pakona.

"Alamu, zimitsani ichi," anatero. "Abale akudikira kunyumba. Katundu yense ali pamphasa, mpaka nsapato zake. Kwatsala makinawa."

Sophia, mkazi wa malemu, sanatembenuke. Duku lake lakuda linali litapendekera.

"Sindizimitsa manje, alamu. Munthu wina akutunga."

"Akutunga? Wasanduka mjigo?"

Sophia anafotokoza ndi mawu a munthu amene sanagone sabata yathunthu. M'kompyutamo munali pulogalamu yaulere, yolembedwa ndi anthu ongodzipereka, yolumikiza makompyuta kuti azigawana mafailo popanda bwana pakati. Netiweki yake inali yachikale, ndipo pofika 2008 ambiri anali ataisiya, koma inkapirira intaneti yofooka ya ku Petauke. Chaka chimene Edmond anatsegula shopu, munthu wina wa ku Tete, wodziwika ndi dzina lokha loti Febian, anamutumizira mabuku ndi mapulogalamu ophunzitsira kutaipa. Kenaka anapempha chinthu chimodzi: nyimbo za kwaya ya othawa nkhondo a ku Mozambique ku Ukwimi, imene mayi ake ankaimbamo.

"Atate a Faith anapalasa njinga kukafunafuna makaseti kwa mabanja amene anatsala kuno," anatero Sophia, akunena za mwamuna wake. "Anawajambulira muno. Makasetiwo ena anaduka. Febian amalowa masana okha, maola awiri. Watunga milungu isanu, lelo ali pa 93 peresenti."

"Si atunge kwina?"

"Kulibe kwina. Makinawa akapita ku Nyimba kwa azakhali, mwana wawo adzafufuta zonse."

Wilbroad anakhala pampando, mpando n'kulira.

"Ine ndafika ku Joni. Ndafika ku Dar, ndagulitsa matayala pa Nakonde mvula ikugwa. Sindinaonepo munthu wopalasa njinga tsiku lonse chifukwa cha munthu amene sanamuonepo nkhope. Mng'ono wanga anali chitsiru."

"Ndinkamuuza," anayankha Sophia. "Ankangoseka. Amati wotunga osabweza ndi mbala."

"Mukudziwa zimene azinena kunyumba? Sagawa ngakhale supuni ngati chinthu chimodzi sichili pamphasa. Abale a ku Kaumbwe lole yawo ikunyamuka masana ano. Azinena kuti wamasiye wabisa katundu. Mudzakhala nalo dzinalo mpaka imvi."

"Ndikudziwa."

Pagalasi la kompyuta, mzere wosonyeza zotungidwa unasuntha pang'ono, 95. Kunja ngolo ya thonje inadutsa. Wilbroad anavula jekete, anayang'ana wotchi, anavalanso jekete. Sophia anasindikiza batani lina, ndipo m'timasipika munatuluka mawu a azimayi, okanda ngati mchenga m'sefa, akuimba m'chinenero chimene onse awiri ankangochimva mwa apo ndi apo. Pakati pa nyimbo panamveka munthu akutsokomola pafupi ndi makina ojambulira, n'kunong'oneza kuti, "Pepani, pepani."

Wilbroad anawerama. Chifuwa chimenecho ankachidziwa.

Foni yake inalira. Anali azakhali a Josephine, mawu awo akumveka shopu yonse: "Kodi mkaziyo akukana? Ndibwere ndekha?"

Sophia anaika dzanja pa chingwe cha magetsi, kudikira. Wilbroad anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali.

"Palibe wakana, azakhali," anatero. "Wochedwetsa ndine. Edmond sanaweruke. A ku Kaumbwe ndiwaperekeza ndi galimoto yanga."

Anadula foni asanayankhidwe.

Anadikira mphindi makumi anayi. Itakwana hafu pasiti wanu, mzere wonse unabiriwira. Wilbroad anaimirira kuti azule chingwe, koma Sophia anamugwira mkono, n'kuloza manambala awiri pafupi ndi dzina la Febian.

"Werengani kaye, alamu. Mukawauze abale."

Wilbroad anatsinzinira, chala pagalasi, n'kuwerenga mokweza ngati ali pamsika.

"Edmond analandira mamegabaiti 640 kwa Febian. Wabweza 702." Anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete. "Chitsiru ichi. Mpaka mbasela."