Dzina Lolembedwa ndi Inki

Moni owerenga okondedwa. Tiyamike Mulungu amene watisunga kufikira lero.

Tjitske ankatsuka makapu amene anthu anamwera khofi pochokera kumanda a bambo ake, a Siebren, pamene mlongo wake Hidde anaika foni pambali pa sinki.

"Imba kuchipatala. Uwauze kuti pa 14 Novembala subwera ku opaleshoni."

"Manja anga ndi onyowa."

"Ndikupukuta. Guluu wapha bambo, ndiye iwe ukagone pabedi lomwelo?"

Matendawa anali akumtundu: mitsempha ya magazi yopiringizana mu ubongo, yoti ingaphulike tsiku lililonse. Madokotala amalowetsa kachubu kowonda pantchafu mpaka kumutu, n'kuthira mankhwala amadzimadzi amene amauma ngati guluu ndi kutseka mitsemphayo. Ulendo woyamba bambo awo anabwerako akuseka. Wachiwiri magazi anakhuthukira m'mutu, osadzukanso. Hidde atapimidwa anapezeka alibe vuto. Tjitske anali nalo.

"Ndikapanda kupita, ingaphulike ndili panjinga, mwana ali kumbuyo," anatero Tjitske.

"Bambo akanakuletsa."

"Ukudziwa bwanji? Iwe unkacheza nawo za mpira basi."

Tjitske anatenga cholembera n'kupita kuchimbudzi, kumene kalendala ya bambo ake ya masiku obadwa inkalendewera kuseri kwa chitseko, monga m'nyumba iliyonse kuno kuchigawo cha Friesland. Ankafuna kujambula kamtanda pa dzina la malemu. M'mawa uliwonse a Siebren ankawerenga dzina la tsikulo n'kumupempherera mwini wake. Anthu amene ankadziwa kuti adzakhalitsa ankawalemba ndi inki, owakayikira ankawalemba ndi pensulo. Zibwenzi zitatu za Hidde zinafufutidwapo kale.

Atajambula kamtandako, anachotsa kalendalayo pamsomali n'kutembenuza masamba mpaka Novembala. Pa 14 panali dzina lake, chikhalirecho iye anabadwa mu Meyi. Pansi pake panali timalemba ta bambo ake, topendekera: kubadwanso.

"Hidde, tabwera."

Anapanikizana m'kachipindamo, mapewa akugundana. Hidde anayang'anitsitsa, n'kupaka chala padzinalo. Silinafufutike.

"Ndi inki," anatero chapansipansi. "Marrit ndakhala naye pachibwenzi zaka zisanu, koma akadali wa pensulo."

"Bambo ankakayikira iwe, osati Marrit."

Anaseka onse awiri, misozi ikutsika. Kenako Hidde anapita kusinki, natenga foni ija n'kuiika m'thumba.

"Ndidzakuperekeza ndine. Mwana udzamusiye kwa Marrit."

Tjitske anagwedeza mutu movomera. Mantha sanamuchoke, koma anabwezera kalendala pamsomali, tsamba la Novembala lili pamwamba, ngakhale mweziwo unali usanafike. Anaima pamenepo kanthawi, maso ali otseka, monga ankachitira bambo ake.

Ambuye amene amadziwa masiku athu onse akusungeni, owerenga, ndipo dzina lanu likhale lolembedwa m'dzanja lake, posafufutika.